Anandilira Ndili Mtulo

Amalume ananditengera njinga ndili moyo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amangoseka, za njinga sazitchula.

Sukulu ndinalekera Giredi naini (musandifunse chifukwa, fizi simunandilipirire ndinu). M'zaka za m'ma 1990 ndinapeza ntchito pa chipatala china kwathu ku Rufunsa, yothandiza manesi: kutembenuza odwala, kutaya mapoti, kukankha matrole. Atandiika pa naiti, thupi linakana. Masana kunyumba tulo osabwera chifukwa cha ntchentche, ana ndi mtondo wa aneba. Usiku ndiye ndinkasinza chiimire. Ndinaonda mpaka kuboola lamba.

Ba Sisita oyang'anira wadi anandipeza ndikuwodzera pafupi ndi wodwala wa diripi, ndipo anati ndikadzabwereza ntchito yatha. Koma anandigawirako nzeru za manesi: chipinda chikhale cha mdima, m'makutu uikemo thonje, ukangofika kunyumba ugone.

Ndinachita zonsezo, n'kuwonjezapo zanga. Windo ndinatseka ndi bulangeti. Thonje linkagwa ndikatembenuka, ndiye ndinalimanga ndi bandeji, kuchokera kunsi kwa chibwano mpaka pamutu. Ndinamwa mapilisi a chimfine ogonetsa aja, n'kufunda nsalu yoyera ya kuchipatala mutu womwe. (Inde, ine amene ndinkathandiza kukonza mitembo sindinaone kuti ndafanana ndi chiyani.) Amayi anali kumunda.

Amake Tisa, aneba athu, anabwera kudzabwereka sefa. Anaodira, zii. Anakankha chitseko, n'kuvundukula nsalu ija. Ataona bandeji ndi thonje, sanandigwedeze n'komwe. Anangondifunditsanso nsalu ija, n'kukauza anthu kuti achipatala abweretsa mtembo wokonzakonza.

Ndinadzidzimuka ndi kulira komveka kutali, ngati ndili pansi pa madzi. Kupyolera mu nsalu ndinaona kandulo ikuyaka kumutu kwanga. Ndinati nditsegule pakamwa, chibwano chomangidwa. Manja olemera ngati matumba a feteleza. Azimayi ankanena korona, ndipo pakati pa pemphero ndinamva dzina langa.

Ndinakhulupirira. Masiku amenewo anzanga amsinkhu wanga ankayamba ndi kuonda, kenaka basi. Ndinaganiza kuti ndiye imfa imakhala chonchi, umamva zonse koma sungayankhe. Ndinaganiza za misomali ya bokosi, ndi phokoso la dothi pamwamba pake. Chimene chinandipulumutsa ndi mkodzo. Unandipana kwambiri mpaka ndinakumbukira kuti pa mitembo yonse imene ndinanyamula, panalibe wopempha kupita kuchimbudzi.

Ndinakhosomola pang'ono, mwaulemu. Korona inaima. Nditakhala tsonga, azimayi anapanikizana pakhomo, amake Tisa patsogolo, chitenje n'kutsalira pa chitseko. Amene sanathawe ndi amayi okha, fumbi la kumunda lidakali m'miyendo. Anandigwira pakhosi, anandiyang'ana m'maso, n'kundiwaza khofi.

"Iwe mwana, wandiliritsa chabe?"

"Ndimagona, amayi. Ndili pa naiti."

Panja mipando inali itatulutsidwa kale, azibambo akukokera nkhuni za maliro. Njinga yanga panalibe. Amalume anali ataikwera kukanena maliro ku Chinyunyu.

Kuntchito ndinapita wapansi, n'kufika mochedwa, uthenga utanditsogolera. Mlonda atandiona pageti anataya chibonga n'kuthawira ku khitchini. Ba Sisita sanathawe. Anandigwira pamkono kumvera mtsempha, n'kufunsa: "Ine ndinati thonje. Za bandeji anakuuza ndani?"

Ntchito sinathe. Sindinawodzerenso pa wadi, chifukwa ndikangotseka maso ndinkamva korona. Mpaka lero ndimagona nkhope ili pamtetete, chitseko nditakhoma, ntchentche zichite zimene zifuna.

Amalume anabwerako ndi achibale olira, ndipo atandiona anadandaula kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu. Njinga anati ya womwalira imagwera malume ake, ndipo iwo analira kale, misozi sibwezedwa. Ali ndi ngongole yanga ya njinga imodzi, ndi pampu yake yomwe.