Gwape wa Miyendo Isanu

Mpaka lero ndikamadutsa pa njinga pa Khombedza, pamapezeka wina wofuula kuti, "Aphunzitsi, mwendo wanga uja!" Ine ndimangopalasa ngati sindinamve. Koma poti nkhaniyi anthu akuikamba moithira mchere, bola ndiifotokoze ndekha.

Kwathu ndi ku Dedza, kuno kunyanja ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi. Kuseri kwa nyumba ndinalima kadimba ka nyemba, ndipo gwape wina anakasandutsa kodyera kake. M'mawa uliwonse ndinkapeza timapazi take ndi nyemba zometedwa bwinobwino. Mtima ukadali kuwawa choncho, kunabwera uthenga woti apongozi anga, mayi a mkazi wanga, afika Loweruka masana kuchokera ku Ntcheu.

"Ndikagule chambo kudoko?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Chambo amadya aliyense," ndinatero. "Amayi adzadya gwape. Mwaiwala kuti agogo anga anali mlenje?"

(Analidi mlenje, koma wa mbewa. Izi sindinanene.)

Uta ndinakabwereka kwa a Jafali, msodzi wachikulire woyandikana nafe, amene anausunga kudenga chimwalirire bambo awo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Tengani, aphunzitsi. Mukalasa, mwendo umodzi ndi wa mwini uta. Koma musamalizitse nokha, mudzandiitane ndidzachinje. Yofa yokha ife sitidya, ndi haramu."

"Mwendo ndi wanu," ndinayankha mosaganiza n'komwe.

Loweruka kutangocha ndinabisala mu nthochi. Gwape uja anabwera mwachifatse ngati dimbalo analima ndi iye. Ndinakoka uta, kulunjika pachifuwa, kenako sindikudziwa chinachitika n'chiyani, maso anangotsinzina okha. Pomwe ndimatsegula, muvi unali utabaya pathako, ndipo mwini thakolo anali akudumpha mpanda.

Ndinathamangira kwa a Jafali ndili wefuwefu.

"Khalani pansi kaye," anatero akusoka ukonde. "Nyama yolasidwa mukaisiya imagona pafupi. Mukaithamangitsa imakufikitsani ku Chinguluwe."

Ine kukhala pansi apongozi ali m'minibasi? Ndinaliyatsa liwiro ndekha, nditawerama, kutsatira timadontho ta magazi pa udzu. Ndikangoyandikira, gwape uja ankadzambatuka n'kuwonjezera mtunda. Mpaka tinafika m'minda ya mpunga, momwe magazi anathera m'madzi. Ndinaponda kamzere kolekanitsa minda, phazi linaterereka, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi m'matope ofika m'chiuno.

"Aphunzitsi, sukulu yasamukira kuno?" Anali mayi wina amene amapalira mpunga chapafupi.

"Mayi, mwaonako gwape wa muvi pathako?"

"Ndamuona. Kungoti maso angawa amakumbukira bwino akalonjezedwa kanthu."

"Mwendo ndi wanu!"

Analoza kumtsinje, n'kuika khasu paphewa kunditsatira. Patsogolo tinakumana ndi bambo wa galu, amene anati galu wake sanunkhiza ulele. Mwendo ndi wanu. Mtsinje unali wodzaza, gwape anali atawoloka, ndipo mwini bwato anati akhoza kutiwolotsa tonse ndi galu yemwe ngati tingamvane. Tinamvana. Pakamwa panga mawu aja anali akungotuluka okha ngati moni.

Gwape uja tinamupeza atagona m'munda wa chinangwa, atatopa koma akupuma. Chimwemwe chake ndinachita kuvina, matope ali gwa m'thalauza. Ndiye kunatulukira mwini munda, mkulu wa ndevu zoyera.

"Nyama ikagwera m'munda mwa munthu, mwambo mukuudziwa."

"Mwendo ndi wanu, bambo."

A Jafali anafika osatuluka ndi thukuta lomwe. Iwo anangozungulira pa mlatho, poti ankadziwa kale komwe nyama yothamangitsidwa imathera. Anati Bisimilahi, n'kuchinja, n'kusenda. Kenako anaimika mpeni m'mwamba.

"Eni miyendo aime apa."

Panaima anthu anayi, a Jafali n'kukhala achisanu. Onse anayang'ana gwape, kenako anayang'ana ine. (Ndinaiwala kukuuzani kuti kusukulu ndimaphunzitsa masamu.)

Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mlandu anauweruza okha. Anayi anatenga miyendo. Mwini munda anati poti wamanidwa mwendo, atenga msana ndi nthiti zomwe. Khosi ndi la wochinja, aliyense amadziwa. Matumbo anapita kwa galu, chiwindi anawotcha pomwepo kuti tilawe ngati nyamayo ili bwino. Ine anandipatsa mutu ndi chikopa, mondilemekeza ndithu, ndi manja awiri. Kunena zoona misozi inalengeza.

Kunyumba ndinapeza apongozi atafika kale, atakhala pa mphasa pakhonde. Mwaulemu wa chipongozi sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mutu uja, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Mwanawe, tawafunsa bambowo. Agwape a kunyanja kuno amayenda ndi mutu wokha?"

Mayi a kunyumba anathawira kukhitchini, mapewa akugwedezeka. M'nyumba munalibe ndiwo ina iliyonse, chifukwa chambo chija ndinaletsa ndine.

Ndikusamba matope, ndinamva "Odi!" Anali akazi a a Jafali, atanyamula bakuli la nyama yophikaphika, yonunkhira anyezi. Anati amva kuti kwa aphunzitsi kwabwera alendo. Apongozi anadya mpaka kunyambita zala.

"Mwamuna ndi ameneyu," anatero. "Kupha nyama yekha, n'kukumbukira alendo a eni ake."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole kuti wolasa ndinali ine, koma mayi a kunyumba anandiponda chala.

Nyemba ndinasiya kulima, ndipo alendo akamabwera ndimalawirira ndekha kudoko. Koma apongozi akaimba foni, akatha kufunsa za ana, salephera kuwonjezera kuti, "Mukapereke moni kwa mlenje uja, a Jafali." Ndipo ine ndimakaperekadi.