Mayina a m'foni mwanga pakhoma la chinkhoswe

Mpaka lero ndikamadutsa pa holo ya tchalitchi chathu ku Champiti ndimayang'ana kumbali ndipo ndimafulumiza miyendo. Ana a kumeneko amadziwa chifukwa chake. Akuluakulu nawonso amadziwa, ndipo ndi amene amaseka kwambiri. Ndiye ndaona kuti kuli bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wakene musanaimve kwa alamu anga, omwe amaithira mchere wambiri.

Ine ndine mphunzitsi, komanso ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Mlangeni, koma ndinakwatira Nangozo wa ku Champiti ndipo ndimakhala kwawo. Nyumba yomwe ndimagonamo, munda wa kachewere womwe ndimalima, ngakhale mtengo wa mapichesi womwe ndimausapo dzuwa, zonse zili pa nthaka ya akuchikazi. Mkamwini sayankha akulu. Amaseka nthabwala zosaseketsa, amati "zoonadi" pamene mtima ukukana. Tsono ine ndinadzipezera malo amodzi opumirako, omwe anali angaanga: foni. M'menemo wachibale aliyense wa mkazi wanga ndinamulemba dzina lomuyenera, osati lomwe anabatizidwa nalo. Sindinkaopa kanthu, pakuti foniyo ndinaikhoma ndi nambala yachinsinsi yomwe ngakhale Nangozo sankaidziwa.

Nkhani ya chinsinsi inandilowa m'magazi mng'ono wanga wa ku Joni atanditumizira laputopu yakale. Ndinapita nayo kwa a Jafali, omwe amakonza mafoni pakhonde la sitolo ya bambo awo ku Sharpevale.

"Aphunzitsi," anatero a Jafali, "mapulogalamu ambiri obwera ndi makinawa amanena za inu kwa eni ake kunjako. Koma ilipo ina yaulere, yolembedwa poyera ndi anthu ongodzipereka. Aliyense atha kuisuzumira m'kati n'kuona kuti mulibe kazitape. Mukaika imeneyo, makinawa akhala anuanu."

"Ikani imeneyo lero lomwe," ndinatero.

"Chabwino. Koma zida zina sizigwirizana nayo msanga. Kaya ndi pulinta, kaya pulojekita, muziyamba mwayesa kaye kunyumba musanapite nayo pagulu."

Mawu omalizawa analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndinabwerera kunyumba ndili munthu wina. Kamera ya laputopu ndinaimata pulasitala. Aphunzitsi anzanga ndinkawalalikira pa nthawi yopuma kuti mafoni awo akuwagulitsa masana dzuwa likuswa mtengo (ngati kuti kuli mzungu kutsidya kwa nyanja amene sapeza tulo asanadziwe kuti ine ndabzala mizere ingati ya kachewere). Nangozo akandipempha foni kuti awalitsire tochi, ndinkayatsa ndekha n'kumuunikira.

Kenaka kunabwera chinkhoswe cha Tiyamike, mng'ono wake wa Nangozo. Palibe anandipempha, ndinadzipereka ndekha kuti ndidzaonetsa zithunzi za awiriwo pakhoma, kuyambira ali makanda, kuti akuchimuna adzaone kuti banja lino lili ndi mkamwini wophunzira. Pulojekita tinabwereka kwa mnzanga wa ku boma. Inafika Lachinayi, chinkhoswe chili Loweruka. Ndinali ndi masiku awiri oti ndiyese, ndipo ndinawathera kusita jekete.

Loweruka masana holo inadzaza mpaka pakhomo. Amayi anatchinga mawindo ndi zitenje kuti mukhale kamdima, jenereta ikulira kuseri. Ndinalumikiza laputopu ku pulojekita patebulo la kumbuyo, pomwe panakhala a Mbewe, bambo wa dazi amene anabwera ndi zokuzira mawu. Khoma linangoti mbuu. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Ndinazula chingwe, n'kuchiuzira mpweya, n'kuchibwezera. Mbuu. Ndinaimbira a Jafali thukuta likutsikira m'kolala.

"Munayesa kunyumba?" anafunsa.

"Nkhani si imeneyo, a Jafali."

"Nkhani ndi imeneyo, aphunzitsi. Bwerani nazo zonse ziwiri Lolemba, ndidzazigwirizanitsa."

A Mbewe ndi amene anandiponyera chingwe chondipulumutsa, chomwe chinadzakhala chondimangira. Anati ngati zithunzizo zilinso m'foni, iwo ali ndi kachipangizo kolumikizira foni ku pulojekita, ndipo chilichonse chooneka pafoni chizioneka pakhoma. Chilichonse. Mawuwo anawanena momveka bwino, sindingawanamizire. Ndinafunda jekete kumutu polemba nambala yachinsinsi kuti a Mbewe asaione, ndinatseka kulira kwa foni kuti isasokoneze mwambo, n'kuwasiyira kuti azisuntha zithunzi. Ine ndinatenga chimkuzamawu n'kukaima kutsogolo, nkhope kwa anthu, msana kukhoma.

Zinayamba bwino. Pa chithunzi cha Tiyamike ali kamwana atakumbatira mbuzi, ndinati mkwati asamale poti ali ndi mnzake wopikisana naye. Holo yonse inaphulika. Amayi ena anagwa chagada, achinyamata akumenya mabenchi. Ndinadabwa pang'ono, chifukwa nthabwala imeneyi ndinaiyesa kwa Nangozo m'mawa ndipo sanaonetse ngakhale dzino limodzi. Koma ndinati basi, mphatso ya munthu imaonekera pagulu. Ndinawonjezera ina. Anaseka koposa. Ndinayamba kuyendayenda ngati mlaliki wa pamsika.

Ndiye pakhomo panatulukira a Dausi, achimwene ake a mkazi wanga, omwe anali kunja kuyang'anira ophika. Foni ili kukhutu, anakuwa kuti, "Alamu, bwanji simukuyankha? Ndakuimbirani kawiri!"

Ndinaona mitu yonse ikutembenukira kwa a Dausi, kenaka kubwerera pamwamba pa mutu wanga. Ndinacheuka. Pakhoma, pamwamba pa Tiyamike ndi mbuzi yake, panali zilembo zazikulu ngati za pasitolo zonena yemwe akuimba: ALAMU A NKHOMALIRO.

(Ndidziteteze pang'ono. Munthuyu pa zaka khumi ndi ziwiri sanabwerepo kwathu nthawi ina iliyonse kupatula pamene mbale zikutuluka m'khitchini. Holo yonse inkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake inaseka chotero.)

Ndinafuna kuthamangira kwa a Mbewe. Ndisanaponye phazi, dzinalo linazima n'kubwera lina: PEMPHERO LALITALI. Mkulu wa mpingo, atakhala pa benchi yachiwiri, anatsitsa foni yawo pang'onopang'ono n'kuiika m'thumba. Anthu anali atazindikira masewerawo. Kufulasha sikudya mayunitsi, ndipo m'holo monse timagalasi ta mafoni tinayamba kuwala, aliyense akufuna kudziwa dzina lake.

"A Mbewe, zulani chingwecho!" ndinakuwa, n'kuiwala kuti ndikukuwira m'chimkuzamawu.

"A Mbewe, musakhudze kanthu."

Awa anali a Kachingwe, amalume ake a mkazi wanga, mwini mbumba, amene anandilozera ndi ndodo yawo malo omangapo nyumba. Anaimirira osafulumira. "Aphunzitsi, imani pomwepo. Enanu lekani kaye, tiziimba mmodzimmodzi mwaulemu." Anavala magalasi, natulutsa foni yawo ya mabatani, n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi. Ndinapemphera kuti jenereta ithe mafuta. Jeneretayo, yomwe imazima pa ukwati uliwonse, tsiku limenelo inalira mokhulupirika.

MUSAYANKHE 1.

A Kachingwe anagwedeza mutu ngati munthu amene dokotala wamutsimikizira matenda omwe ankawaganizira kale. Anapisa m'thumba lina, natulutsa foni yachiwiri.

MUSAYANKHE 2.

Akuchimuna, alendo athu olemekezeka, anali akupukuta misozi ndi mipango. Apo n'kuti apongozi anga, mayi ake a Nangozo, atapatsira foni yawo mayi woyandikana nawo kuti awaimbire. Apongozi sawerenga. Dzina litatuluka, iwo anafunsa kuti, "Alemba chiyani?" Palibe analimba mtima. Koma a Dausi, bala lawo likadali laliwisi, anawerenga mokweza, mosadumpha chilembo: "Wailesi ya Champiti!"

Apongozi anakoka chitenje n'kuphimba kukamwa, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo mkamwini sayang'anitsitsa apongozi kuti atsimikize. M'mutu mwanga ndinayamba kale kulongedza katundu. Ndinkaona matola akundisiya pa Mlangeni ndi chikwama chimodzi ndi laputopu ya pulasitala.

Womaliza anali Nangozo. Anaimirira pakati pa amayi anzake, nkhope yosaseka, n'kuimba akundiyang'ana. Apa mtima unakhala m'malo pang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti mkazi wanga sindinamupatse dzina lachipongwe. Pakhoma panatuluka manambala okhaokha, opanda dzina lililonse.

"Bambo a Chisomo," anatero ndi mawu otsika omwe anamveka mpaka kumbuyo, "wogula kachewere ali ndi dzina m'menemo. Amalume ali ndi awiri. Ine ndilibe?"

Kunena zoona, apa ndi pamene ndinamva kuwawa kwenikweni, chifukwa ndinaona kuti zamupweteka. Koma m'malo mopepesa, nzeru za uphunzitsi zinandibwerera. Ndinati, "Mayi, anthu enawa ndimawasunga m'foni. Inu nambala yanu ndimaisunga pamtima."

Amayi anayamba nthungululu. Ndinaona kuti ndapulumuka.

"Zokoma zimenezo," anatero a Kachingwe. "Fulatirani khomalo, muitchule timve."

Ndinafulatira, ndinatseka maso, n'kuitchula yonse mosadodoma, mwa kayimbidwe ndithu. Nditatsegula maso, Nangozo anali atapinda manja.

"Imeneyo ndi ya foni ija inagwera m'chitsime, Chisomo ali sitandade wani."

Chisomo pano ali sitandade foro. Zaka zitatu zonsezi ndinkangodina pa nambala yomwe yandiimbira posachedwa, osailemba, osaiwerenga n'komwe.

Chinkhoswe chinapitirira, ndipo anthu amati chinali chokoma kuposa zonse za chaka chimenecho. Sindinathamangitsidwe, koma mtengo wake ndinaulipira. M'mawa mwake ndinanyamula tambala wanga wamkulu kupita naye kwa apongozi, ndi nkhoswe yanga pambali, n'kukagwada pabwalo. Anandikhululukira, koma mpaka lero akandiimbira amayamba ndi kuti, "Kuno ndi ku wailesi, mukutimva bwino?" A Kachingwe anasiyiratu kundiimbira. Amabwera okha m'mawa ndisanasambe n'komwe, n'kukhala pakhonde, amvekere, "Poti foni simuyankha." A Dausi okha ndi amene sanasinthe ndondomeko yawo.

Lolemba ndinapita ku Sharpevale. A Jafali anagwirizanitsa laputopu ndi pulojekita m'mphindi zochepa, tiyi wawo asanazizire, ndipo nkhani yonse anali ataimva kale kwa anthu atatu osiyana. Pulogalamu ija ndikadali nayo ndipo ndimaikonda. Siinaululepo chinsinsi changa ngakhale chimodzi. Pulasitala nayenso akadali pa kamera, kuteteza munthu amene anadziulula yekha pakhoma la tchalitchi.

Madzulo a Lolemba lomwelo Nangozo anakhala pamkeka n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa foni. Anatambasulabe dzanja, ndipo ndinamuuza nambala yachinsinsi. Anakonza mayina onse mmodzimmodzi, aliyense ndi ulemu wake, kenaka analemba lake n'kundibwezera. Sindinaone chomwe analemba mpaka tsiku lotsatira, pamene foni inalira ndili pakati pa aphunzitsi anzanga aja ndinkawalalikira za kukhala mwini wa makina ako. Onse anasuzumira, ndipo pagalasi panalembedwa kuti MWINI FONI.

Ndinayankha isanalire kachiwiri.