Gitala ya M'thanki ya ku Dowa

Amene akukayika aike kapu ya tiyi pansi, andiyang'ane m'maso. Nyimbo za gitala zopanda mawu zija, rock yakalekale, ndinaziyambitsa ine bambo ake a Tadala, yemwe mumandiona pa basi ku Kings Heath kuno ku Birmingham nditavala majuzi awiri. Ndi zimenenso ndinamuuza Tadala dzulo, atakana kukaimba gitala kusukulu kwawo Lachisanu lino poopa kusekedwa, paja mwanayu ali ndi chibwibwi ngati changa.

Ndili Fomu 1 ku Dowa ndinapanga gitala ya chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga. Pakamwa mawu ankakana kutuluka, ndiye ndinakalowa m'thanki ya sukulu imene inali itauma, ndinakhudza waya umodzi, kulira kwake kunazungulira khoma, kunabwerera konyowa ngati kwadutsa mumvula, kunakwera pang'onopang'ono mpaka kutulukira pachivindikiro, akabawi anaima m'mwamba osakupiza mapiko, mitambo inatsika kudzamvetsera, chimanga cha ahedi chinakhwima tsiku lomwelo. Mukumva? Kulirako kunathamanga mpaka kupitirira nthawi, kunakatera ku Amereka zaka makumi atatu ndisanabadwe, anyamata osewera pamafunde anakutola pamchenga, anakutsekera m'timabokosi ta sipika kuti kuzilira konyowabe. Kwina kunagwa kuno ku Mangalande, anyamata a masuti ofanana anayamba kuponda limodzi uku akugwedeza kachitsulo ka pagitala kuti waya unjenjemere ngati wanga. Kotsalako kunalowa m'mafakitale a Birmingham, kunamwa utsi, kunalemera mpaka kusanduka chiphokoso chimene achinyamata amapukusira mitu chija. Bambo anga anazimva pawailesi ali kamnyamata, anavina fumbi kobo, osadziwa kuti woimbayo ndi mwana wawo.

Mayi a Chisomo, musaseke, mungatsamwe ndi sikono. Ndikulumbira.

Tadala anamvetsera atakumbatira gitala yake yofiira. Kenako anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati anthu anandiseka nditatuluka m'thankimo. Ndinamuuza kuti sukulu yonse inaimirira, ngakhale ophika anasiya nyemba zikupserera. Tadala anaika gitala m'chikwama, nakachikhazika pakhomo pafupi ndi nsapato za kusukulu.

Tsono sendezani mipando, izi ndinene motsitsa. Amene anandimva tsiku lija anali mlonda yekha. Anamenya thanki ndi ndodo, nati, "Ndani ali m'menemu?" Ine ndinakhala duu, osapuma, mpaka anachoka. Chiyambire sindinaimbepo pamaso pa munthu, ngakhale mayi ake a Tadala.

Lachisanu ndapempha kale off kuntchito. Ndidzakhala mpando wakumbuyo kusukuluko. Za mlondazi musamuuze Tadala Loweruka lisanafike.