Tsiku limene ndinaphethiritsa a Zuze

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma ndiinena, mwina mtima ungapepuke.

Ndimaphunzitsa History pasekondale ina ku Chiosya. Ana anga a Fomu 2 ankawodzera m'kalasi ngati nkhuku zachitopa. Ndiye ndinapeza kapulogalamu ka pafoni kochititsa munthu wa pachithunzi chakale kuphethira ndi kumwetulira. Ndinati basi, mankhwala ndi amenewa.

Titafika pa mutu wa anthu opita kumigodi, ndinauza ana kuti abweretse zithunzi za makolo awo. Tadala anabweretsa cha agogo ake aamuna, a Zuze. Ine wosafunsa n'komwe, ndinangoti ndi malemu. Kudina kamodzi, a Zuze maso phethi phethi, kenako mwetu. Kalasi yonse inadzuka! Mwamatama, kavidiyoko ndinakatumiza pafoni ya mayi ake a Tadala.

M'mawa mwake ndinapeza gogo wina pakhomo la sitafu rumu, chitenje chatsopano, tambala m'khwapa. Anali a Nachisale, akazi awo a a Zuze, ndipo anayenda wapansi kuchokera ku esiteti ya fodya.

"Aphunzitsi, mwatichitira zazikulu," anatero atagwada.

"Ndi ntchito yathu, mayi," ndinayankha, tambala ndalandira kale.

"Sanakalambe n'komwe. Ku Zambiako akudya bwino. Ndiye akuti abwera liti?"

Ndi Tadala amene anandinong'oneza kuti a Zuze anapita kumigodi ya ku Zambia mayi ake a Tadalayo ali kumsana, n'kutchona. Kalata ayi, uthenga wa maliro ayi. Gogoyu anakana amuna onse, akudikira. Dzulo lakelo, ataona kavidiyo kaja, anasesa bwalo ndi kuzira nyumba.

Ndinagwada nanenso, tambala akupalapata m'manja. Ndinafotokoza kuti a Zuze sindinawaonepo, ndi makina chabe ogwedeza chithunzi chawo chomwe chija. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pantchito imeneyi.

A Nachisale anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinakayika ndithu," anatero. "Bambo amene aja sanandimwetulirepo chonchi, ngakhale tsiku laukwati."

Ndinawabwezera tambala. Anamukankha.

"Sungani. Koma tabwerezani kamodzi, aphethirenso."

Kuyambira pamenepo, chithunzi chikabwera m'kalasi ndimayamba ndafunsa ngati mwini wake analiridwa.