Ndinayankha Dzina Lakale pa Intavyu

Nsapato zobwereka zija ndinakabweza tsiku lomwelo, ndipo mwini wake sanafunse n'komwe kuti zayenda bwanji. Nkhope yanga inali itanena kale.

Loji ina ku Karonga boma inkafuna munthu wolandira alendo. Ine ndinabadwa mwana wamwamuna ku Wovwe, koma ndakhala mkazi zaka zambiri, ndipo ku Mzuzu kumene ndinkakhala aliyense ankanditcha Tusayiwe. Ndinati ku boma angandidziwe ndani? (Karonga ndi yaing'ono, abale. Ukayetsemula ku Mlare, a ku Songwe amakupepesa.)

Tsiku la intavyu, tikudikira pabenchi, kutentha kuja kunandiwodzeretsa. Ndinayamba kudziona ndili kuseri kwa kauntala, fani ikundipemerera kamphepo, makiyi akulira m'manja, ndikuuza alendo a ku Tanzania kuti karibu sana. M'maganizo ndinali nditawafolerera kale amayi nyumba ndi malata, kamvula kakuwaza pamwamba pake.

Atandiitana ndinalowa maloto akadali m'maso. Mafunso a manijala, mayi wanthabwala ndithu, ndinayankha bwino mpaka anamwetulira. Koma bambo ena a imvi amene anakhala pambali ankangondiyang'ana, kuvula magalasi, kuvalanso. Kenako anatchula motsitsa mawu, ngati akudzifunsa okha:

"Gwamaka?"

Ine nyamu, manja kumbuyo. "Ndilipo, sala!"

Anali aphunzitsi anga a Sitandade 6, amene atapuma ntchito ankathandiza pa lojipo. Nditamva dzina langa lachimuna lakalelo, thupi linakumbukira za m'kalasi mutu usanaganize. (Mawunso anatuluka amabesi aja, amene ndinawasiya kalekale.) Pofuna kukhalanso pansi ndinaphonya mpando.

Manijala anasiya kumwetulira. Anati andiimbira foni.

Aphunzitsi ananditsatira mpaka pageti. Anandiuza kuti ndinayankha bwino kuposa onse, koma eni loji sangalole, akuti alendo angamalankhule. Sanandiyang'ane m'maso. Kenako anafunsa kuti masiku ano ndimatchedwa ndani. Nditawauza, analibwereza dzinalo pang'onopang'ono ngati akulilawa.

"Tusayiwe. Ndikanangokhala chete, mwana wanga."

Foni sinalire. Pano ndimagulitsa mpunga pamsika, ndipo ndikamva kuti kwinakwake akulemba ntchito ndimakayesabe. Ndinadziphunzitsa kuti dzina lakale lija likatchulidwa ndizingoti phee, ngati akuitana wina. Koma kunena zoona, aphunzitsi aja atati afike pano n'kulitchula, ndikukayika ngati miyendoyi ingandimvere.