Singano ya pa Bedi Seveni

Anzanga, usiku wapitawu ndinalota ndikuchapa yunifolomu yanga pakhonde, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye beseni linatsokomola, n'kunena kuti, "Sisita Nagama, siyani sopo. Mayi Nasibeko abayidwa."

Mukuwadziwa mayi Nasibeko, okolopa muwodi yathu, aja amandiikira mbatata yootcha m'thumba la juzi osanena kanthu. Madzi a m'beseni anafiira, ndiye mwadzidzidzi ndinali muwodi wopanda nsapato, pansi ponse patamera singano ngati mpunga wakudambo. Ndinkaponda ndikupemphera chamumtima, "Ambuye, phazi ili lokha. Ambuye, ilinso."

Bokosi lachikasu lotayamo singano linali pakona, litakhuta mpaka kukamwa. "Ine ndinadzaza kalekale," linatero likugeya. "Ndiye mwana wanga mmodzi, singano ija, munamugoneka pa bedi seveni, m'nsalu. Munati mubweranso."

"Anandiitana kwa wodwala wina," ndinayankha.

"Nanga munabwerera?"

Ndiye ndinawaona mayi Nasibeko akuyalula bedi lija. Anadzidzimuka, n'kuyamwa chala, n'kupitiriza ntchito. Chalacho chinayamba kutupa mpaka kufanana ndi munsi, iwo akungokolopabe.

"Ndi kaminga chabe, Sisita," anatero akumwetulira. "Mwadya koma?"

Ndinkafuna kukuwa kuti amene anagona pa bedi lija ali ndi kachilombo, kuti mankhwala oteteza amathandiza pokhapokha ukawayamba masiku atatu asanathe. Koma pakamwa panga panali patamatidwa pulasitala.

Ndiye ndinathamangira ku ofesi ya a Metironi, mkulu wa anamwino. Atatembenuka pampando, mwadzidzidzi anali nungu, msana wonse uli majakisoni okhaokha.

"Wasiya singano ndani?"

Majakisoni onse analoza ine. Ndinamatula pulasitala uja, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Sindikudziwa, mayi."

Ndiye pansi panatseguka, ndinagwera kosungira mankhwala. Mkulu wa kumeneko anali kamba wovala tayi, botolo la mapiritsi lili pamsana.

"Maina awiri, mwana wanga," anatero akukweza mwendo umodzi pang'onopang'ono. "La wobayidwa, ndi la wosiya singano. Popanda lachiwirilo botolo silitseguka."

Kalendala ya pakhoma inkayoyola masiku ngati masamba a m'chilimwe. Lachiwiri linagwa. Lachitatu linagwa. Lachinayi linkangolendewera. Mayi Nasibeko anadutsa ndi ndowa yawo, atachepa ngati chidole, chala chikukwekwereka pambuyo. Anandipatsa mbatata. Nditainyema, m'kati munali singano ija, ikundiyang'ana.

"Nenatu," inanong'ona. "Ine ndilibe pakamwa."

Ndinakoka mpweya kuti nditchule dzina langa, Lachinayi n'kuyamba kuthothoka, kamba akadali ndi mwendo m'mwamba. Ndiye ndinamva kwee, kwee, kwee. Linali tsache la aneba akusesa pabwalo, kunja kutayera.

Anzanga, beseni silinalankhule, koma singanoyo ndi yoona. Dzana ndinawaonadi mayi aja akuyamwa chala pa bedi seveni, ine n'kuyang'ana kumbali poopa a Metironi. Lero ndi Lachinayi. Sindinasukusule n'komwe. Ndinagwada pamphasa, n'kuwaimbira foni mayi Nasibeko.

"Halo, Sisita? Mwadzuka bwanji? Kwagwanji m'mawa uno?"

"Mayi Nasibeko, sikanali kaminga. Singano ija ndinasiya ndine. Tikumane kuchipatala pompano, muyambe mankhwala lero lomwe, ndipo kwa a Metironi ndikanena ndekha. Ndikhululukireni, mayi anga. Ndikhululukireni."