Tsiku limene mathithi ananditseka pakamwa

Cholakwa changa choyamba chinali kukana jasi la mvula. Kunja kunali dzuwa, ine ndinali mu suti ya kutchalitchi, ndiye ndinaona kuti chipulasitiki chachikasucho chindichotsera ulemu.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Hotela yomwe ndinkasungako makiyi a mosungira katundu inapeza eni atsopano, ndipo anatiuza kuti aliyense aphunzire ntchito yachiwiri, apo ayi atsanzike. Poti ankandiona ndikuwerenga chilichonse, ngakhale nyuzi yokulungira nsomba ya ku msika wa Maramba, anati ine ndiyesere kuperekeza alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Ndinabwereka mabuku, n'kudzaza makadi khumi ndi cholembera cha inki. (Chimene sindinaulule n'chakuti zaka zonse ndikukhala m'komboni ya Dambwa, mathithiwo ndinkangowamva kulindima ndi kuona utsi wake patali. Tinkati kumeneko n'kwa azungu.)

Tsiku la mayeso, mtsinje wa Zambezi utadzaza, ndinatsogolera alendo anayi, kumbuyo kuli ba Mutinta, otiphunzitsa.

"Ba Tembo, valani ichi," anatero ba Mutinta, akunditambasulira jasi lija.

"Mvula ili kuti, amayi?"

"Muzaiona."

Tinalowa m'kanjira ka m'mitengo ndikuwerenga mokweza. Pa khadi lachitatu inki inayamba kuyenda. Pa lachisanu mvula inandimenya kuchokera pansi, ikukwera kumwamba! (Zimenezi mabuku aja sananene, kapena ndinadumpha tsamba.) Kenako mphepo inakankha nkhungu, ndipo ndinaona. Zambezi yense, wotambalala mpaka polekera maso, akugwera m'phompho, utawaleza uli pansi pa mapazi anga. Nthaka inkanjenjemera. Makadi anasanduka phala m'manja. Mlendo wina anafunsa kanthu, ine ndinangoti, "Mayo ine!" n'kukhala pansi m'matope, pakamwa yasa. Nawonso alendo anaima pambali panga, maso ali pa mathithi.

Pobwerera ndinkangoganiza mmene ndikauzire mkazi wanga kuti ntchito yatha. Ba Mutinta anandikokera pambali.

"Zonse mwaibala, ba Tembo. Koma balendo bati boperekeza benangu bakamba maningi osapuma, imwe mwabasiya kuti baone. Mubwele Mande."

Ndinapitadi, ndipo ntchitoyo ndinaiphunzira, koma mpaka lero ndikafika pamalo paja mawu amandithawa.

Masana a tsiku la mayeso lija ndinatsika m'basi nsapato zikulira madzi, manja ali buluu ndi inki, dzuwa likuswa mtengo. Ba Likando, aneba anga, anasiya kuthirira repu n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba neba, bakupasani nchito, olo bakubatizani?"